Khutu la a Zuze ndi mitsuko iwiri

Sabata yatha tinali kumanda, kuika chiliza pamene anagona apongozi anga aamuna, a Zuze. Adzukulu ndiwo anafuna, akuti manda a agogo awo asamangokhala mulu ngati mzere wa mbatata. Anthu anabwera ndithu, ena ochokera kwa Tengani, ena anawoloka pa mabwato kuchokera kwa Nyachikadza. Mapemphero atatha, mkulu wa mpingo, mwana wa dzulodzuloli amene a Zuze sanamuone n'komwe, anaimirira nati: "Timamva kuti gogo wathuyu anali mmisiri wa mabwato, kufikira pamene Mulungu anamutseka khutu." Anthu onse anavomera kuti eee. Ine ndinali pamphasa kutsogolo, poti wamkulu wotsala pabanjapo ndine. Anandifunsa ngati ndili ndi mawu. Ndinapukusa mutu.

Kukhala chete kumeneko sikunali koyamba. Koyamba ndinali ndi mano onse m'kamwa. Tsono poti atsala owerengeka, ndati ndinene mawu asanatsekeredwe m'kati: khutu la a Zuze silinafe ayi. Analowa nalo m'manda lili lamoyo ngati la gwape. Wodziwa zimenezi ndatsala ndekha, ndipo amene ndinachititsa ndine.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, Msena wa makolo ochokera kutsidya. Ntchito yawo inali kusema mabwato, iwo ankati mwadiya. Osema analipo ambiri m'mbali mwa Shire, koma chimene anthu ankayendera mitunda kudzawafuna a Zuze linali khutu. Mtengo wa mtondo umatha kukongola kunja m'kati utawola mtima, ndipo ena ankazindikira atagwetsa kale, masiku atatayika. A Zuze ankangofika, n'kugunditsa khutu pakhungwa, n'kugogoda katatu ndi msana wa nkhwangwa. Akatero ankanena kuti uwu dulani, uwu usiyireni njuchi. Posema sankayeza ndi chingwe. Ankagogoda m'nthiti mwa bwato, n'kudziwa pamene pakadali pochindikala ndi pamene nsompho isafikenso.

Kugogodako kunawalowa m'magazi. Vwende pamsika ankagogoda, dzungu ankagogoda, mpando wa eni asanakhalepo ankagogoda. Ngakhale chitseko cha tchalitchi ankachiyesa Lamulungu lililonse ngati kuti chasintha m'kati mwa sabata. Ankakonda kunena kuti diso ndi lopusa, limakopeka ndi mafuta odzola, koma khutu silinyengeka. Ankatinso chinthu chilichonse chimanena chokha matenda ake, kungoti anthu amafunsa uku akulankhula.

Ine ndinawadziwa ndisanamudziwe mwana wawo Jowaki, amene anadzakhala mwamuna wanga. Jowakiyo anabwera kuchokera kumigodi ya ku Joni ndi gumbagumba ya mabatire, ya masipika awiri. Powoloka mtsinje mvula inawapeza, mabokosi a masipikawo ananyowa n'kufufuma ngati mkate. A Zuze anawaphwasula n'kutulutsamo masipika okhaokha. Atawaliza ali pamtunda, mawu ake anali ngati a udzudzu. Jowaki misozi ili lengelenge, koma bambo ake anangoti ulimba wopanda zikho kunsi kwake ndi nkhuni chabe, masipikawa akusowa mimba. Ananyamuka pa njinga kukafuna mimbazo.

Anafika kwathu kwa Ndamera m'mawa, amayi anga ali woumba wodziwika, ine ndikuphunzira m'manja mwawo.

"Odi kuno! Ndamva kuti kuno kuli mitsuko."

"Ilipo, bambo. Ya madzi kapena ya mowa?"

"Ya nyimbo."

Amayi anandiyang'ana m'mbali, kuti mwina mlendoyu walawirira kumwa. Koma tinawatulutsira yonse pabwalo. Anaigogoda umodziumodzi, n'kulowetsamo mutu, n'kuchita huuu ngati njiwa, mpaka dzuwa linafika paliwombo. Potsiriza anapatula itatu, yonse youmba ine tsiku limodzi, yootchedwa pamoto umodzi. Anagogodanso itatuyo, n'kukankhira umodzi pambali.

"Uwu uli ndi chimfine."

"Bambo, dothi lake ndi limodzi," anatero amayi.

"Ana a mimba imodzi, mayi, wina amalankhulira m'mphuno. Waumba ndani iyi?"

Amayi anandiloza. A Zuze sanandiyang'ane kumaso, anayang'ana manja. Anati pyadidi, ndiko kuti zabwino m'Chisena, n'kumanga mitsuko iwiri ija m'udzu pa njinga. Mapira atakololedwa anatuma anthu kudzandifunsira mwana wawo. Mtsuko wa chimfine uja ndinapita nawo ku ukwati, unakhala wanga wa madzi.

Nditafika ndinapeza nkhondo ya mitsuko isanathe. Chipinda chochezeramo cha a Zuze, abale, chinali chipinda chosamva. Nyumbayo anayamba kumanga yaing'ono, ya bango lomata ndi dothi. Atapeza bwino anawonjezera mbali ya njerwa, koma chifukwa cha chulu chimene chinali pamenepo, mbali yatsopanoyo inakhota, chipinda n'kutuluka chopindika ngati chigongono. Pakati panali mzati, denga theka malata theka udzu. Khoma la njerwa linkabweza mawu, la bango linkawameza. Akaika mitsuko kumbali ya njerwa, nyimbo inkasokosa ngati m'mgolo wopanda kanthu. Akaiika kumbali ya bango, oimba ankakhala ngati afunda bulangete. Akaikankhira pakona, gitala wamkulu uja wolira m'chifuwa ankafufuma n'kukwirira anzake onse, malata ali njenjenje.

Ankasuntha mtsuko pang'ono, kutalika kwa chala, n'kukakhala pansi, n'kutsinzina, n'kudzukanso. Chimbale chake chinali chimodzi chomwecho, cha rumba, mpaka nkhuku za pakhomo zinachiloweza. Mapeto ake, mtsuko wina unakhala pa chitsa cha kumanja kwa mzati, wina pa chitsa cha kumanzere, pafupi ndi khomo lolowera kuchipinda chogona. Yonse iwiri anaipendeketsa pa nkhata, yotalikirako phazi limodzi ndi khoma, kukamwa kwake kuloza mpando wawo wa ndalema, masipika atamangidwa pakamwapo ndi mphira za chubu cha njinga. Pakhoma la njerwa anapachika mphasa. Pachigongono paja anaimika thumba la thonje. Pamalata anaikapo mwala. Mpando anauyeza ndi mapazi awo kuti utalikirane mofanana ndi mitsuko yonse iwiri, n'kukumba timaenje ta miyendo yake kuti wosesa asausocheretse. Kabati ya apongozi anga aakazi, a Nyakamba, anaitulutsa.

"Kabati yanga igone pakhonde chifukwa cha miphika yoimba?"

"Makapu anu akuyankha nyimbo, mayi, ndipo akuyankha molakwika."

"Nanga thonje ilo? Anzanu agulitsa kale."

"Lili pantchito."

"Tsiku lina ndidzapunthwa pa mtsuko wanuwu n'kufa. Mudzandiike momwemo."

"Simungakwanemo. Komanso mungawononge mawu."

Ankatero tsiku ndi tsiku, ndipo a Nyakamba ankaseka akatembenuka. Koma ine sankandiseka nawo. Iwo anali ndi mtsikana wawo Wachisena amene anamusankhira Jowaki, ndiye kunabwera ine Mmang'anja, wobwera ndi mawu a a Zuze okha. Zaka zitatu zinatha ndilibe mwana. Ankanena potunga madzi, mokweza kuti ndimve, kuti amuna awo anapita kukasankha mitsuko n'kubwerako ndi wina wosasunga kanthu. Ankangodikira chifukwa choti andiperekeze kwathu.

Tsono mwambo wa pakhomopo unali wakuti mtengwa salowa m'chipinda mmene apongozi aamuna akhala. Madzi ndinkaperekera pakhomo nditagwada. Mpando wawo, ngakhale kuukhudza, ayi. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi amuna ankadzaza m'chipindamo, a Zuze n'kumawakhazika pampandopo mmodzimmodzi, aliyense n'kudzukapo akugwedeza mutu. Ine ndinkamvera pakhonde, kudzera m'khoma la bango lija lomeza mawu. Ankatama mitsuko ya a Zuze. Wouumba ndili panja, sindinaimvepo ikuimba.

Linali Loweruka, mwezi uja nthaka imaotcha mapazi. Kunali msonkhano wa chipani kubwalo la sukulu, ndipo masiku amenewo msonkhano sunali woti ndikufuna kapena sindikufuna. Anyamata a malaya ofiira ankayenda khomo ndi khomo. Ine ndinafunda nsalu ziwiri n'kumadzinjenjemeretsa. Anasuzumira, anati malungo, anapita. Musandimvere chisoni: sindinadwale, ndipo zimenezi ndinaziganiza masiku ambiri.

Mudzi utati zii ndinalowa. Kaikidwe ka singano ndinali nditakaonera kwa Jowaki ndili pakhomo. Ndinatsitsa mawu, n'kukhala pa mpando wa apongozi anga. Ndinatsinzina monga ankachitira iwo.

Mayo ine. Gitala anatulukira kumanzere, ng'oma kumanja, koma woimbayo anaimirira pakati penipeni, pamzati, pamene panalibe mtsuko uliwonse. Ndinatsegula maso kuti ndione amene walowa. Munalibe munthu. Gitala wamkulu uja ndinamumva m'nthiti, ndipo ndinalizindikira liwulo, linali lomwe lija mtsuko umayankha ukautulutsa pamoto uli wabwino. Dothi la kudambo la kwathu, loponda ine ndi mapazi angawa, likuimba Chikongo.

Ndikanadzuka pamenepo n'kutuluka, bwenzi lero ndilibe nkhani. Koma miyendo inayamba yokha. Ndinavina, ine wa malungo, kuzungulira mzati. Chala chinakola waya. Mtsuko wa kumanzere unatsika pa chitsa, phwaa.

Sipika sinaonongeke, inagwera pa nkhata. Koma mtsuko unali mapale okhaokha. Ndinathamangira kukhitchini, n'kukhuthula madzi mu mtsuko wanga uja wa chimfine, n'kuuyanika pamoto. Msinkhu wake unali womwewo, khosi lomwelo, mphini zake zomwezo zolemba ine. Ndinamanga sipika ndi mphira zija, n'kuupendeketsa monga unalili mnzake. Mapale ndinawasinja n'kuwasakaniza ndi dothi langa loumbira. Anthu pobwera anandipeza ndafundanso nsalu ziwiri, ndipo apa kunjenjemera kwake kunali kwenikweni.

Mawa lake tikuweruka kutchalitchi, amuna anadzaza monga mwa masiku onse. Tsiku limenelo panalinso tcheyamani wa chipani wa m'mudzimo, anabwera kudzamva gumbagumba yotchukayo. Ine ndinagwada pakhomo ndi chikho cha madzi. A Nyakamba anali pakhonde pambali panga akusankha nyemba. Jowaki anaika singano. Nyimbo isanafike n'pomwe woimba amayambira, a Zuze anakweza dzanja.

"Imitsa. Wina wakhudza mtsuko wanga."

Anangolankhula monga munthu amanenera kuti mvula ikubwera, osaganiza. Alendo anayang'anana, iwo sanamve kusiyana kulikonse. Koma aliyense m'chipindamo ankadziwa kuti khutu la a Zuze silinama. A Nyakamba anaika lichero pansi.

"Wakhudza ndani? Dzulo tonse tinali kumsonkhano. Pakhomo pano panatsala munthu mmodzi yekha, uja wa malungo."

Tcheyamani anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana. "Kodi odwala aja ndi amenewa? Achira msanga."

Mtengwa wolowa m'chipinda cha apongozi n'kuswa zinthu zawo, ameneyo njira yake ndi ya kwawo. Koma wonamizira kudwala tsiku la msonkhano n'kutsala akuliza nyimbo, ameneyo ankatengedwa kukafunsidwa, pamodzi ndi mwamuna wake, ndipo ena opita kukafunsidwa ankachedwa kubwerako.

A Zuze anadzuka. Anati Jowaki aikenso singano. Anatembenuza mpando wawo kuti msana uloze kumitsuko, n'kukhalanso, n'kumvetsera. Ine ndinadziwa chimene akuchita: ngati vuto lili m'khutu, liwatsata potembenuka, ngati lili mu mtsuko, litsala komweko. Anadzukanso n'kupita kumanzere kuja. Anagogoda ndi chala, kamodzi kokha. Mtsuko unayankhira m'mphuno. Kenaka anandiyang'ana kumaso, koyamba chibwerereni pakhomopo.

Anabwerera n'kukhala pansi, n'kulowetsa chala m'khutu la kumanzere, n'kulipukusa.

"Nkhabe," anakana m'Chisena. "Palibe wakhudza. Mitsuko ili bwinobwino. Ndi khutu langali. Layamba kale mwezi watha, ndimangobisa."

"A Zuze, inu?" anatero tcheyamani.

"Mwati bwanji?"

"Ndati, inuyo khutu?"

"Kwezani mawu, bwana, mwakhala mbali yakufa."

Anthu anaseka, kenaka anasiya, poona kuti mwini wake sakuseka. A Nyakamba anatola lichero lawo. Ine pamenepo ndinali ndi pakamwa, ndikanatha kuulula. Ndinanyamula chikho n'kubwerera kukhitchini.

Mawu a m'chipinda chodzaza amuna sagona panjira. Mwezi usanathe, kwa Nyachikadza konse kunamveka kuti khutu la a Zuze lafa. Amene ankabwera kudzawatenga pa njinga kuti akamve mitengo anayamba kupita kwa wina. Oyamba ankapepesa, otsatira ankangodutsa pamsewu. Ndipo a Zuze, poti anali atanena pamaso pa tcheyamani, anayenera kulisenza bodzalo tsiku ndi tsiku. Anaphunzira kupendeketsa mutu, kufunsa kuti mwati bwanji. Vwende pamsika anasiya kugogoda. Chitseko cha tchalitchi ankachidutsa manja ali kumbuyo. Kumbuyoko ine ndinkaona chala chikugogoda pa dzanja linzake.

Chaka chotsatira amuna ena ankasema bwato lalikulu pafupi ndi doko. Tinkadutsa pamenepo pochokera kudimba, iwo patsogolo, ine pambuyo ndi dengu. Anaima panjira, kutali ndithu, akumva nsompho ikugunda. Analephera kupirira.

"Anyamata, mtengo uwo ngwodwala kumchira. Musauike pamadzi."

"Mwaumva ndi khutu liti, madala?"

Anaseka onse. A Zuze anasekako nawo pang'ono, n'kupitiriza ulendo. Bwatolo linang'ambika mwezi wachiwiri lili ndi chimanga cha banja lonse, chochokera kumadimba a kutsidya. Anthu anasambira, chimanga chinapita ndi madzi. Palibe anakumbuka kuti anachenjezedwa. Anati ndi tsoka. Banja limenelo ndinkalipatsa ufa mobisa chaka chonsecho, iwo n'kumanditama kuti ndine wachifundo.

Gumbagumba sanasiye kuiliza. Mtsuko wa chimfine sanauchotse, poti kuuchotsa kukanakhala kuulula. Munthu amene anatulutsa kabati chifukwa cha kulira kwa makapu anakhala zaka ndi zaka akumvera nyimbo yopendekera mbali imodzi, alendo akutama, iye akugwedeza mutu. Ine ndinaumba mitsuko yambiri ndi dothi lija losakaniza mapale, kufuna wofanana ndi woswekawo. Ndinkagogoda ndekha kuseri kwa khitchini. Umodzi unayandikira. Ndinaugulitsa, poti ndikanaupereka ndi mawu oti chiyani?

Mwana anadzabwera chaka chachisanu, enanso anatsatira. A Nyakamba anafewa, mpaka pomwalira anafera pamiyendo pangapa. A Zuze anadwala chaka chimene othawa nkhondo kutsidya anadzaza kuno. Apo mwambo unali utatha mphamvu, wowasamalira ndinali ine. Tsiku lina masana ndikuwamwetsa phala pampando wawo uja, tili awiri, ndinayamba.

"Bambo, tsiku lija la msonkhano..."

Anakweza dzanja monga ankaimitsira nyimbo. Ndinali nditalankhula motsitsa kwambiri, ndili kumanzere kwawo.

"Munakhala pampando pano?"

"Ndinakhala, bambo."

"Woimba anaima pati?"

"Pamzati."

"Pyadidi. Ndiye kuti ndinaika bwino." Anatsinzina. Ndimati agona, koma anawonjezera: "Cholakwa n'changa, mayi. Woumba ndinayenera kumuitana poyamba."

Mwaona mmene analili? Ngakhale cholakwa changa anafuna kundilanda. Anamwalira patapita masiku anayi.

Pamaliro ndikananena. Ndinati chipani chikadalipo. Chipani chinatha, tcheyamani uja anamwalira, Jowaki anamwalira osadziwa kanthu. Woti ndimuope panalibe. Kungoti ndinali nditazolowera kukhala mtengwa wabwino amene anasamala apongozi ake ogontha, ndipo dzina limenelo linkandikoma. A Zuze anavula lawo kuti ine ndivale, ndipo sabata yatha, pamanda pawo, ndinalikokeranso pamapewa.

Nyumba ija ikadalipo, madzi osefukira anaizungulira kangapo koma chulu chija chinaisunga. Mbali ya bango inagwa, anamangapo njerwa, tsopano amasungiramo mapira. Gumbagumba inapita kalekale, sindikudziwa ndi ndani. Mtsuko wa kumanja unasweka posamutsa katundu. Wa chimfine uli kwanga, ndimamwera madzi, suona kukalamba.

Dzulo ndinapempha kiyi n'kulowamo. Mzati ulipo. Msomali wa mphasa ukadali pakhoma. Pansi anazirapo kambirimbiri, koma ukapapasa ndi phazi umapeza pamene panali zitsa ziwiri, kwina kumanja, kwina kumanzere, ndi timaenje tinayi ta miyendo ya mpando. Ndinaima pakati pa timaenjeto, n'kuyang'ana kumzati. Munali zii, mbewa yokha m'matumba. Ndinanena motsitsa, monga ndinalankhulira tsiku la phala lija, kuti bambo, ndiwauza anthu zoona zake.

Sindinabwereze. Iwo sankafuna kubwerezeredwa.